Pamene Mau Athera

Mwini mbumba yonse ya Acewa, Kalonga Gawa Undi. Mafumu athu a ndodo ocokera kuno ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique. Nduna, nyakwawa ndi anamkungwi. Akuluakulu a boma. Alendo athu olemekezeka. Amai ndi abambo. Ndi inu anyamata ndi atsikana amene mwakhala kumbuyoko: ndaomba m'manja kwa inu nonse, ndipo ndipempha kuti mundibwereke makutu anu kwa kanthawi.

Ine sindine mphunzitsi wa ku yunivesite. Sukulu ndinalekezera Fomu 5, ndipo m'caka ca 1980 ndinalowa nchito ya boma monga kalaliki wamng'ono. Posapita nthawi anandiika kukhala womasulira m'khoti, ndipo pa mpando umenewo ndi pamene imvi zinandipeza. Kwa zaka zoposa 30 nsima ya ana anga inacokera m'mau: kutenga mau m'kamwa mwa munthu wa kumudzi ndi kuwatula kwa woweruza m'Cingerezi, ndi kutenganso a woweruza kubwera nao kwa mwini mlandu m'Cinyanja. Munthu amene wasenza mtolo umodzi zaka zotere adziwa pamene upweteka. Motero lero ndifuna kukamba za zinthu ziwiri zimene nchitoyo inandiphunzitsa: kuti mau ali ndi malire ake, ndiponso kuti luso la kuganiza mozama, limene ophunzira alicha filosofi, liri ndi phindu ngakhale kwa ife olima cimanga ndi nshawa.

Ng'ombe ya Atsibweni

M'zaka zoyamba za nchito yanga anabwera naye m'khoti mkulu wina wobvala jekete lakale ndi nsapato za matayala. Mlandu wake unali wakuba nkhunzi imodzi ya ng'ombe. Woweruza atawerenga mlanduwo, anandiuza kuti ndimufunse funso limene khoti lifunsa aliyense poyamba, lakuti kodi ndi wolakwa kapena iai. Ine, pofuna kuonetsa cangu ca unyamata, ndinati, "Bambo, kodi mubvomera mlanduwu?" Mkuluyo anayankha mosazengereza, "Ndibvomera, mwana wanga. Ng'ombe ndinatenga ndine, masana dzuwa liri pamutu." Ndinatembenukira kwa woweruza ndi kumuuza m'Cingerezi kuti munthuyu wabvomera kulakwa.

Mlandu wakuba ziweto si waung'ono, cilango cake ndi zaka zambiri m'ndende. Colembera cinali citakhudza kale pepala. Koma woweruzayo anayang'anitsitsa nkhope ya mkuluyo, naona kuti sinali nkhope ya munthu wogwidwa. Anati, "Mufunseni cifukwa cimene anatengera masana." Pamenepo mkuluyo anafotokoza. Ng'ombezo zinali za atsibweni ake, mlongo wa amai ake, amene anali atamwalira. Iye ndiye mwana wa mlongo wamkulu, ndipo ndiye amene banja linamuika kulowa dzina ndi kusunga mbumba. Nkhunziyo anaitenga kuti akaigulitse, agule cimanga ca amasiye amene nkhokwe zao zinali zitatha. Okasuma ku polisi anali ana a malemuwo, okulira m'tauni, amene kwa iwo cuma ca atate ndi ca ana basi.

Woweruza analemba kuti munthuyo wakana mlandu. Pomaliza khoti linapeza kuti anatenga ng'ombeyo pokhulupirira ndi mtima woona kuti ali ndi danga lotero, ndipo anamasulidwa. Zotsala anakakambirana okha kumudzi.

Tsiku limenelo nsima inandikanika. Ndinali nditatsala pang'ono kumangitsa munthu wosalakwa, cikhalireco sindinaname. Liu lirilonse limene ndinanena muli nalo m'buku lomasulira mau. Bvuto linali lakuti kubvomera kwa pa bwalo la kwathu ndi kubvomera kwa m'khoti ndi nyama ziwiri zobvala cikopa cimodzi. Pa bwalo, munthu akabvomera mlandu ndiye kuti wanena kuti nkhani iripodi, tiyeni tikhale pansi tiikambe. Kubvomera kutsegula nkhani. M'khoti kubvomera kutseka nkhani. Coonadi cinali pafupi kufera pakati pa pakamwa panga ndi khutu la woweruza, ndipo cinapulumuka cifukwa munthu mmodzi anaima nafunsa kuti, kodi iyeyu atanthauzanji?

Filosofi ndi Ciani?

Funso limenelo ndilo ciyambi ca filosofi. Liuli linacokera ku Cigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi kukonda nzeru. Ambiri aganiza kuti ndi nkhani ya anthu a magalasi amene alibe munda wopalira. Koma mutu wake weniweni ndi cizolowezi ca kusakhutira ndi mau ongolandira, kufunsa cimene liu litanthauza, ndi kufufuza ngati cimene tikuti tidziwa ticidziwadi.

Mu mzinda wa Athens munali mkulu wina dzina lake Socrates. Iye sanalembe buku ngakhale limodzi. Zimene tidziwa za iye tazimva kwa ophunzira ake, makamaka Plato. Nchito yake inali kuyenda m'misika ndi kufunsa anthu ochuka mafunso ooneka ngati a cibwana. Msilikali anamufunsa kuti kulimba mtima ndi ciani. Wopembedza anamufunsa kuti kuopa milungu ndi ciani. Ena anawafunsa za cilungamo. Aliyense anayamba kuyankha mwamatama, koma pakutha pa mafunso anapezeka kuti liu limene wakhala alichula moyo wake wonse sangathe kulifotokoza. Anthu sakonda kubvulidwa cotero. M'caka ca 399 Yesu asanabadwe, Socrates, ali ndi zaka ngati 70, anaimbidwa mlandu wosokoneza acinyamata ndi wosalemekeza milungu ya mzindawo, ndipo anaweruzidwa kuti amwe cikho ca poizoni.

Akuluakulu, munthu wotere ife timudziwa. Pa bwalo lirilonse la mfumu pamakhala nkhalamba imodzi imene imakhala cete onse akulongolola, kenaka nkutsokomola ndi kunena kuti, "Pepani, ine khutu langa ndi lolemera. Mwati mundawu ngwanu. Kodi mukuti munaupatsidwa, munaubwereka, kapena munangoupeza?" Mlandu wonse umatembenuka pa funso limenelo. Nkhalambayo siidziwa dzina la Socrates, koma khasu limene yagwira ndi lomwelo.

Cinenero Ciriconse Cidula Nyama Mwa Njira Yake

Ng'ombe ikaphedwa, wogulitsa m'buchala aidula mwa njira yake, ndipo ife kumudzi tiidula mwa njira yathu, podziwa ciwalo copita kwa mfumu ndi copita kwa adzukulu. Ng'ombe ndi imodzi, koma nthuli zisiyana. Ndi mmenenso zinenero zicitira ndi dziko limene tikhalamo.

Taonani liu lathu lakuti kumva. Timva kulira kwa ng'oma, timva fungo la ndiwo zopserera, timva kukoma kwa uci, timva kuzizira kwa mwezi wa June, timva cisoni, timva tanthauzo la mwambi, ndipo mwana womvera makolo timati ndi wakumva. Mzungu afuna mau osiyanasiyana kuti anene zonsezi. Pamene mboni inena kuti, "Ndinamva kuti m'nyumbamo muli munthu," womasulira ayenera kufunsa: munamva ndi khutu, munauzidwa, kapena mtima ndiwo unakuuzani? Pakuti lamulo lilandira cimodzi ndi kukana zinazo. Komatu makolo athu, poika zonsezi m'liu limodzi, anali kutiphunzitsa kanthu kena, kuti kudziwa koona ndi kumene kwalowa m'thupi mwa munthu ndi kusintha mayendedwe ake. Amene wamva ndi khutu lokha sanamve.

Taonaninso liu lakuti mankhwala. Kwinini ndi mankhwala, ophera mbozi m'munda wa thonje ndi mankhwala, cithumwa ca m'cuuno ndi mankhwala, ndipo cimene munthu woipa athira m'mowa wa mnzake ndi mankhwalanso. Pa milandu ya imfa, liu limeneli linandicititsa thukuta kangapo. Kumbali inayo, Cingerezi ciri ndi liu limodzi lonena atsibweni ndi atate aang'ono pamodzi, ngati kuti ndi munthu mmodzi. Kwa Mcewa kusiyana kwa awiriwa ndi kumene kwagwira mudzi wonse, pakuti atate aang'ono ndi atate, koma atsibweni ndiwo nkhoswe ndi mwini mbumba.

Zimenezi si masewera a mau cabe. M'caka ca 1989 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la kagawidwe ka cuma ca munthu womwalira wosasiya kalata ya masiye. Pa magawo 100 alionse, 50 apita kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a malemu, ndi 10 kwa ena amene anali kudalira malemuyo. Lamulolo linabwera kudzapukuta misozi ya akazi amasiye amene anali kulandidwa ngakhale mphika ndi mphasa, ndipo ine amene ndinaona misozi imeneyo ndiliyamikira. Koma taonani kuti liu lakuti banja m'lamulolo ndi banja la bambo, mai ndi ana ao; mwana wa mlongo salowamo pokhapokha ngati anali kusungidwa ndi malemuyo. Tanthauzo la liu limodzi linasuntha ng'ombe zambiri kucoka m'khola lina kupita m'khola lina.

Cimodzimodzi liu lakuti mwini. Timati mwini munda, mwini mudzi, mwini mbumba, mwini dziko. Kodi mwini mbumba angagulitse mbumba yake? Kwa ife mwini ndi wosunga, woyankha mlandu, wolira pamene cinthuco caonongeka. Dzina lenilenilo lakuti Gawa likumbutsa kuti nthaka imagawidwa. Tsono lamulo la malo la 1995 linalola kuti malo a mafumu asandutsidwe a cikalata ca zaka zofika 99, mfumu ikabvomereza. Mwini wa pa cikalata angagulitse, angakongolere ndalama ku banki, angamange waya ndi kutseka njira ya ku citsime. Pamene mlendo anena kwa nyakwawa kuti, "Ndifuna ndikhale mwini wa malo awa," awiriwo achula liu limodzi koma aona zinthu ziwiri. Akapanda kufunsana tanthauzo, adzukulu ao ndiwo adzakumana m'khoti.

Kwanu ndi Kuti?

Bvutoli si la kuno kokha. Ku Kenya kunali loya wochuka dzina lake S. M. Otieno, wa mtundu wa Aluo, amene anamwalira mu December 1986. Mkazi wake, Wambui, wa mtundu wa Akikuyu, anafuna kumuika pa famu yao ku Ngong, pafupi ndi Nairobi. Abale a pfuko lake anati ayenera kukagona kwao ku Nyalgunga, m'dera la Siaya. Mtembo unakhala m'nyumba ya cisanu miyezi isanu pamene makhoti anali kumva mboni, ndipo mbali yaikulu ya mkanganowo inali pa funso lakuti kwao kwa munthu ndi kuti: kodi ndi pamene wamanga nyumba ndi kulera ana, kapena ndi pamene pali manda a makolo ake? Khoti la apilo linagamula mokomera pfuko, ndipo anaikidwa ku Nyalgunga mu May 1987. Mmodzi wa mboni pa mlanduwo anali mphunzitsi wa filosofi wa pa yunivesite ya Nairobi, Henry Odera Oruka.

Inu amene mwacokera ku Lusaka, ku Kitwe, ku Harare ndi ku Johannesburg mudziwa kulemera kwa funso limeneli. Muli ndi nyumba kumeneko, mwina ya njerwa ndi magetsi, koma pokwera basi munauza anansi anu kuti, "Ndipita kwathu." Ana anu obadwira kumeneko akamati kwathu, kodi anena malo omwewo? Ndi bwino kufunsana muli moyo.

Zimene Mau Sangasenze

Kufikira pano ndakamba za mau osokonekera pakati pa zinenero ziwiri. Koma pali malire ena akuya, amene ali m'cinenero ciriconse.

Munthu amene anasinkhasinkha kwambiri za nkhaniyi ndi Ludwig Wittgenstein, wobadwira ku Vienna m'caka ca 1889 m'banja lolemera kwambiri. Buku lake loyamba, lochedwa Tractatus, analilemba ali msilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo linaturuka m'caka ca 1921. M'menemo anayesa kulemba mzere wolekanitsa zimene zinganenedwe momveka ndi zimene sizinganenedwe. Anaona kuti mau agwira bwino nchito pofotokoza mmene zinthu ziriri, monga kuti mvula yagwa kapena mbuzi iri m'khola. Koma za ubwino weniweni, za kukongola ndi za tanthauzo la moyo, anati zimenezo zimangodzionetsa, ndipo pamenepo munthu ayenera kusunga pakamwa. Poganiza kuti wamaliza nchito, anagawira abale ake cuma cake nakaphunzitsa ana m'masukulu a kumidzi ku Austria. Koma m'caka ca 1929 anabwerera ku Cambridge nayamba kutsutsa maganizo ake omwe. M'buku lake laciwiri, limene linasindikizidwa m'caka ca 1953 iye atamwalira kale mu 1951, anaphunzitsa kuti tanthauzo la liu lipezeka m'kagwiritsidwe nchito kake pakati pa anthu, m'miyambo ndi m'makhalidwe ao. Pamene mwana wanga wina anandifotokozera zimenezi, ndinaseka ndi kunena kuti mzungu ameneyu akanakhala nane m'khoti tsiku la ng'ombe lija, akanafika msanga pa buku laciwiri.

Makolo athu anadziwa malire amenewa. Anati wamva m'mimba ndiye atsegula citseko. Mungafotokozere dokotala kuti m'mimba mukupota, mukuluma, mukutentha, koma ululuwo sungacoke mwa inu kulowa mwa iye. Yesani kuuza munthu amene sanalawepo masuku mmene akomera. Mudzati atsekemera, koma nzimbe nazo zitsekemera. Mudzati ali ngati cakuti, koma pomaliza mudzathyola limodzi ndi kumupatsa.

Ndi cifukwa cake pa maliro sitipita ndi nkhani zambiri. Timafika, timagwada, timapereka dzanja, timakhala pansi. Amuna agona panja pa moto, amai agona m'nyumba ndi mnzao wofedwa, usiku wonse. Munthu wofika pa siwa ndi kuyamba kufotokozera namfedwa cifukwa cimene mwana wake wafera timamuona ngati wosalangizidwa. Kukhala cete kumeneko si kusowa nzeru. Ndi kubvomereza kuti cimene cagwa pakhomopo ndi cacikulu kuposa pakamwa pathu.

Taonaninso maina amene makolo anapatsa Mulungu. Poona uta wa mitundu m'mitambo anati Cauta. Poona zolengedwa anati Namalenga. Pakumva bingu ndi kuona ng'anima anati Mphambe. Analinso ndi maina a Leza ndi Cisumphi. Anthu amene apatsa cinthu cimodzi maina ambiri cotere adziwa kuti palibe dzina limodzi lokwanira. Dzina lirilonse ligwira mphonje imodzi ya nsaru. Omasulira Baibulo analimbana nalo bvuto lomweli. Buku Lopatulika la 1922 linasunga dzina lakuti Yehova, pamene Buku Loyera la 1998 linasankha dzina la makolo athu lakuti Cauta.

Ndipo pamene pakamwa palephera, Mcewa ali ndi zinenero zina. Ng'oma ilankhula. Kuomba m'manja kulankhula. Namwali woturuka m'tsimba, maso ali pansi, anena ndi thupi lake zimene anamkungwi amuphunzitsa. Za ku dambwe sindidzakamba pano, pakuti ziri ndi eni ake ndi malo ake. Ndingonena zimene aliyense aona pa bwalo: cilombo cikaturuka, waulesi, woledzera ndi wodzikuza adziona okha popanda wowachula dzina. Pamene bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu m'caka ca 2005, linalemekeza sukulu imene iphunzitsa zambiri ndi mau ocepa. Mwambo wa Kulamba womwe unaletsedwa ndi atsamunda m'caka ca 1934 ndi kuukanso mu 1984. Zaka 50 unalibe bwalo, koma unakhalabe m'mitima ndi m'miyendo ya anthu.

Kodi Makolo Athu Anali ndi Filosofi?

Panali nthawi imene ophunzira a ku Ulaya anali kunena kuti munthu wakuda ali ndi miyambo cabe, alibe maganizo ozama. M'caka ca 1945 wansembe wa ku Belgium, Placide Tempels, amene anakhala pakati pa Aluba ku Congo, dziko limene mbiri yathu ikuti makolo athu anacokera, anaturutsa buku lonena kuti anthu a Cibantu ali ndi filosofi yao. Ena anamudzudzula kuti anaika maganizo ake m'kamwa mwa Aluba, koma citseko cinali citatseguka. M'caka ca 1956 wansembe wa ku Rwanda, Alexis Kagame, anafufuza nkhaniyi m'kapangidwe ka cinenero ca kwao. Mu 1969 John Mbiti wa ku Kenya analemba za zipembedzo ndi filosofi ya Afirika. Ndipo Oruka uja anayenda m'midzi ndi makina ojambulira mau, kufunafuna nkhalamba zimene sizingobwereza mwambo koma zimaufunsa mafunso.

Tingayese njira ya Kagame pa Cicewa cathu. Munthu, cinthu, kanthu ndi umunthu ziri ndi tsinde limodzi. Tsono timati wakuti ndi munthu, ndipo wina timati si munthu, cikhalireco onse ali ndi miyendo iwiri. Apa makolo anasiyanitsa kubadwa munthu ndi kukhala munthu. Coyamba ndi mphatso, caciwiri ndi nchito ya moyo wonse, ndipo sicitheka pawekha, pakuti kali kokha nkanyama, tiri awiri ntianthu. Amene anayamba kulankhula cotero anali ataganiza mozama.

Koma ndicenjeze. Kuloweza miyambi si nzeru ai. Miyambi imatsutsana. Wina uti kuona maso a nkhono nkudekha; wina uti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Nanga tidekhe kapena tifulumire? Mwambi sungakuuzeni. Mwambi uliwonse waona mbali imodzi ya phiri. Nzeru iri mwa munthu wodziwa kuti lero ndi tsiku la nkhono kapena la mbewa, ndipo kudziwa kumeneko sikulembedwa m'mwambi wina uliwonse. Ngakhale mau a makolo ali ndi malire, ndipo makolowo anatisiyira miyambi yotsutsana kuti tisaleke kuganiza.

Mau Opanda Maso

Ndiulule cimo langa ndi la anzanga a msinkhu wanga. M'caka ca 1967 malemu Dr Kenneth Kaunda anapereka Humanism kukhala filosofi ya dziko lino, yoika munthu pakati pa zonse. Maganizowo anali pafupi ndi umunthu wa makolo athu. Koma ambiri a ife anchito a boma tinawaloweza monga mwana alowezera matebulo, kuti tiyankhe bwino pofunsidwa za kukwezedwa pa nchito. Tinali kuchula za ulemu wa munthu m'mawa, masana nkusiya nkhalamba yocokera kutali itakhala pa benchi kufikira ofesi itatsekedwa. Boma litasintha m'caka ca 1991, liulo linazimirira m'makalata mwathu, ndipo ena a ife sitinamve kuti tataya kanthu, cifukwa tinali titagwira gaga, ufa titausiya.

Liu likachulidwa kawirikawiri popanda kulifunsa limakhala ngati citsononkho: maonekedwe a cimanga alipo, maso palibe. Lero tiri nao mau otero ambiri: citukuko, ufulu, ngakhale liu lakuti cikhalidwe limene tasonkhanira pano. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu akaima pa nsanja ndi kunena kuti wabweretsa citukuko, mufunseni mwaulemu: citukuko ca yani, cooneka bwanji, ndipo tidzadziwira ciani kuti cafika? Wina akati, "Ici ndi cikhalidwe cathu," pamene akulanda mbuzi za mkazi wamasiye kapena kucotsa mtsikana pa sukulu kuti akwatiwe, mufunseni kuti makolo anaciikira ciani, ndipo ngati cikugwirabe nchito imene anaciikira. Kufunsa kotero sikupha mwambo. Ndi kupalira, kuti mbeu isafe ndi udzu.

Kwa Inu Acinyamata

Inu muli ndi mafoni m'manja, ndipo mau anu afika ku London nsima isanapse. Pa WhatsApp ndi pa Facebook munthu aweruzidwa ndi anthu zikwi asanatsegule pakamwa, popanda woima ndi kufunsa cifukwa cimene anatengera ng'ombe masana. Madzi akatayika saoleka. Ndikusiyirani malangizo atatu a womasulira wokalamba.

Loyamba, musanakangane ndi munthu, funsanani tanthauzo la liu limene mukanganira. Milandu yambiri imene ndinamasulira inali ya anthu awiri oona mtima amene anagwiritsa liu limodzi mosiyana. Safunsa anadya phula.

Laciwiri, sungani cinenero ca amai anu, ndipo phunziraninso zina. Cinenero ciriconse ndi zenera la nyumba. Wa zenera limodzi aganiza kuti dziko lonse ndi cimene aona pamenepo. Mwana wosadziwa kusiyana kwa atsibweni ndi atate aang'ono wataya liu, ndipo pamodzi ndi liulo wataya njira yopita kwa munthu amene akanamuimira pa tsiku la mabvuto.

Lacitatu, phunzirani kudziwa pamene mau athera. Pamaso pa wodwala, pamaso pa wofedwa, pamaso pa Namalenga, musacite manyazi kukhala cete. Munthu wophunzira kwenikweni ndi amene adziwa kukula kwa zimene sadziwa.

Mkulu wa ng'ombe uja ndinakumana nayenso patapita zaka, pa msika wina, akugulitsa fodya wa cingambwe. Anandizindikira, nandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, nati, "Mwana wanga, unandilankhulira bwino tsiku lija." Iye sanadziwe kuti pakamwa panga ndi pamene panatsala pang'ono kumutsekera. Ndinafuna kumuuza, koma mau sanabwere. Ndinagula fodya wake, ngakhale kuti ine sindikoka, ndipo ndinamusunga m'kabati ya ku ofesi kufikira tsiku limene ndinapuma pa nchito, kuti ndikamuona ndizikumbukira kufunsa kaciwiri ndisanamasulire.

Mafumu anga, ndalankhula nthawi yaitali kwa munthu amene wabwera kudzanena kuti mau ali ndi malire. Mundikhululukire pamene lilime laterereka. Mau a akulu akoma akagonera. Ngati mwa angawa muli kanthu, mukakapeze mawa muli pa ulendo wobwerera kwanu. Tsopano ndisiyira ng'oma, kuti zinene zimene ine ndalephera.